Kuona Maso a Nkhono: Kusaka Phokoso mu Nsambo za Piyano

Piyano ili ndi makiyi 88, koma nsambo zake zimapitirira 200, ndipo m'mapiyano ambiri zimakhala pafupifupi 230. Kiyi wa mawu aang'ono amamenyetsa nsambo zitatu nthawi imodzi, wa cha kumunsi ziwiri, pomwe wa besi yeniyeni ali ndi nsambo imodzi yonenepa, yokulungidwa ndi waya wa kopa. Nsambo zonsezi n'zokokedwa zolimba, moti mphamvu yake ikaphatikizidwa imafika matani 18 mpaka 20, ndipo chimene chimasenza katundu ameneyu ndi chimango chachitsulo chomwe chili m'kati. Bartolomeo Cristofori wa ku Florence, amene anapanga piyano yoyamba cha m'ma 1700, ankadalira matabwa ndi nsambo zopyapyala. Chimango chachitsulo chathunthu chinabwera mochedwa, Alpheus Babcock atachilembetsa ku Boston mu 1825. Kuyambira pamenepo amisiri anayamba kukoka nsambo kwambiri, mawu a piyano n'kukula mpaka kudzaza holo.

Nsambo payokha mawu ake ndi ochepa. Imadutsa pa mzere wa mtengo wolimba, umene amisiri amautcha bridge, ndipo mzerewo ndi womatidwa pa thabwa lalikulu lopyapyala la mtengo wa spruce. Nsambo ikanjenjemera, bridge imapereka kunjenjemerako ku thabwa, thabwa n'kugwedeza mpweya wa m'chipinda chonse. Thabwali silisankha. Limakuza nyimbo, limakuzanso kulira kwa sikuluwu yomasuka, kwa ndalama yachitsulo imene inagweramo chaka chatha, ndi kwa guluu amene wamatuka. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Amene anafuna piyano ya mawu amphamvu anaitanira limodzi ndi phokoso la chilichonse chomasuka chimene chili pafupi nayo, ndipo palibe mmisiri angalekanitse ziwirizi kotheratu. Chimene angathe ndi kupeza chomasukacho n'kuchimanga.

Komabe si kulira kulikonse kwapambali kumene kuli matenda, ndipo makutu a kuno kummwera amadziwa zimenezi kuposa mabuku a amisiri a ku Ulaya. Woimba bangwe amalowetsa thabwa lake m'chikho kapena m'chitini, n'kumangirira dala tizitsulo kapena zitsekerero za mabotolo kuti zizinjenjemera nsambo zikamalira. Pa kalimba pamakhalanso zoterezi. Ku Chigwa cha Shire, zikho za pansi pa valimba amazibowola n'kumatapo kansalu kopyapyala ka kangaude kuti mawu azituluka ndi mkokomo wonjenjemera. Hugh Tracey, pojambula nyimbo za m'dziko lino m'zaka za m'ma 1950, anasunga mawu a zida zotere, ndipo womvetsera amamva yekha kuti kunjenjemerako ndiye mchere wa nyimboyo. Kusiyana kwake n'kwakuti pa bangwe mwini wake anakuika ndi dzanja lake, amadziwa pomwe kuli, ndipo kumatsata nsambo zonse mofanana. Pa piyano kumabwera kosaitanidwa, pa kiyi mmodzi kulipo, pa mnzake kulibe, ndipo kawirikawiri kumanena za chinthu chimene chayamba kuwonongeka. N'chifukwa chake sikuyenera kungozoloweredwa.

Kwa Mpama ndi m'madera ena ozungulira phiri la Chiradzulu, piyano si chida chopezeka wamba. Makwaya ambiri amaimba ndi kiyibodi yamagetsi, gitala ndi ng'oma, kapena ndi pakamwa pokha. Mapiyano amene alipo m'dziko muno ali m'matchalitchi ena, m'sukulu ndi m'makoleji, ndi m'nyumba zowerengeka, ndipo ambiri ndi akale, oimirira chotsamira khoma. Amisiri ochuna ndi ochepa, nsambo yatsopano ya besi imachita kuitanitsidwa kunja. Kotero piyano ikayamba kulira mosayenera, mtima umathamangira kutsegula chivundikiro ndi kuyamba kupotokola zikhomo zochunira nsambo ndi sipanala ya njinga. Apa ndi pamene mapiyano ambiri amafera. Mwambi woti kuona maso a nkhono n'kudekha unganenedwe pa ntchito zambiri, koma pa ntchito iyi uli ngati unapangidwira pomwepo: nkhono ukaigwedeza imabweza maso m'chigoba, ndipo phokoso la piyano nalo limathawa munthu akangoyamba kugwiragwira asanamvetsere, n'kudzabwerera Lamlungu kwaya ili pakati pa nyimbo.

Ntchito imayamba ndi khutu, manja ali kumbuyo. Womvetsera amafuna kudziwa ngati phokosolo likuchokera pa kiyi mmodzi kapena pa makiyi angapo oyandikana, ngati limamveka kiyi akangomenyedwa, kapena mawu akamapitirira, kapena chala chikachoka. Amayesa kumenya pang'onopang'ono, kenako mwamphamvu; amayesa ataponda pedulo ya kumanja, kenako ataisiya. Mayankho amenewa amachepetsa kale malo osakamo. Phokoso lobwera chala chikachoka limaloza ku timitsamiro toletsa mawu. Lobwera pomenya penipeni limaloza ku kanyundo kamene kamamenya nsambo. Lopitirira limodzi ndi mawu, lomwe limakula kiyi akamenyedwa mwamphamvu, ndi la chinthu chomasuka chimene chikunjenjemera, ndipo chinthucho chikhoza kukhala kutali ndi piyano. Uthenga wa pafoni woti "limba likulira zachilendo" suthandiza mmisiri kwenikweni, pakuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Wofuna kuchiza ayenera kukhala m'chipindamo, kumva ndi khutu lake.

Chodabwitsa kwa ambiri n'chakuti gawo lalikulu la maphokoso otchedwa a nsambo silichokera mu nsambo. Chinthu chilichonse chili ndi liwu lake limene chimavomera. Galasi la zenera lomasuka m'chimango, lata la padenga limene msomali wake wasukusika, chithunzi chopachikidwa pakhoma, mbale za m'kabati, wotchi, ngakhale loko wa chitseko, zonsezi zimakhala chete mpaka piyano itaimba liwu logwirizana nazo. M'tchalitchi chofolera malata chopanda siling'i, denga lonse likhoza kuyankha kiyi mmodzi wa besi. Khutu limanyengeka, limaloza ku piyano chifukwa ndi kumene maso akuyang'ana. Njira yake ndi ya anthu awiri: mmodzi amamenya kiyi wovutayo mobwerezabwereza, osasintha mphamvu, mnzake akuyenda m'chipindamo, kugwira zenera, kugwira chithunzi, kutsamira kabati. Pomwe dzanja lagwira phokoso n'kuleka, mlandu wathera pomwepo, ndipo mankhwala ake ndi kapepala kopinda kapena msomali umodzi. Zimene zasanjikidwa pamwamba pa piyano, monga mabuku a nyimbo, botolo la maluwa ndi mtolo wa makiyi a vesitile, zimatsitsidwa poyambirira.

Chipinda chikapezeka chosalakwa, dzanja limafika pa bokosi la piyano lenilenilo. Mahinjesi aatali a chivundikiro, loko, choikapo buku, thabwa la kutsogolo ndi la kumunsi kwa mawondo, timawilo ta pansi, ndodo zochokera ku mapedulo, chilichonse chimagwiridwa chimodzichimodzi kiyi uja akulirabe. Piyano yoima pa simenti yosasalala, wilo limodzi lili m'malere, imalira pa wilolo. Kenako tochi imaunika m'kati. Pansi pa piyano yoimirira pamapezeka mapensulo, choko, mapini, ndalama, ndiponso makoko a mtedza ndi chimanga zimene makoswe anatutira. Kanthu kakang'ono kotsamira thabwa lokuza mawu kamalira ngati piyano yasweka, chonsecho kungokachotsa basi.

Zonsezi mwini piyano akhoza kuchita yekha popanda choopsa. Kuyambira apa ntchito imalowa m'malo osalimba.

Nsambo za makiyi ambiri zili ndi kamtsamiro ka ubweya wa nkhosa wopsinjidwa, kotchedwa damper, kamene kamazigwira kuti zikhale chete. Kiyi akatsika kamtsamiro kamachoka, chala chikachoka kamabwerera. Woimba bangwe mokhwacha amachita zomwezi ndi zala za dzanja lamanzere, kugwira nsambo zimene sakuzifuna kuti zotsalazo zilire. Ubweya ukakalamba umauma, kapena umamwa madzi n'kuumanso uli gwa, ndipo pobwerera pa nsambo yonjenjemera umatulutsa kaphokoso kakuthwa mawu asanazime. Nthawi zina njenjete zimaudya, kamtsamiro n'kumagwira nsambo ziwiri, yachitatu ikulirabe. Ngati piyano yonse ikupitiriza kulira zala zitachoka, choyamba kuyang'ana ndi pedulo ya kumanja: iyenera kutsika pang'ono isanayambe kunyamula timitsamiro, ndipo ikamangidwa mothina kwambiri imatisiya tili m'malere pang'ono nthawi zonse. Nati imodzi ya pa ndodo yake imakonza zimenezi. Koma makiyi a kumapeto kwenikweni kwa dzanja lamanja, pafupifupi 18 kapena 20, alibe timitsamiro chipangidwire, chifukwa nsambo zake zazifupi zimazima zokha msanga. Kulira kwake kopitirira pang'ono si vuto, ndipo kumawalitsa mawu a piyano yonse.

Tinyundo natonso ndi taubweya. Pomenya nsambo zaka ndi zaka, pamphumi pake pamakumbika timizere ndipo ubweya umalimba, mawu n'kusanduka achitsulo, olasa m'khutu. Mmisiri amapala mphumiyo ndi sandipepa kuti ibwerere pa maonekedwe ake, n'kubaya ubweya ndi singano pamalo oyenera kuti ufewe. Ntchitoyi ilibe kubwerera: ubweya wopalidwa sumeranso, ndipo kanyundo kobayidwa mopitirira kamatulutsa mawu ogontha. Palinso vuto lina losaoneka msanga. Kanyundo kakapendekeka, kamafika pa nsambo imodzi mwa zitatuzo kasanafike pa zinzake, ndipo liwu limatuluka lam'mphuno, ngati losachunidwa, chonsecho nsambo zili bwino. Mmisiri amakankhira kanyundo pang'onopang'ono mpaka kakhudze nsambo, n'kukodola iliyonse payokha. Imene yalira momasuka ndiyo sikukhudzidwa.

Pa nsambo zenizenizo ndi pamene kudekha kumayesedwa kwambiri. Liwu logwedezeka, lomveka ngati likukwera n'kutsika, kawirikawiri limatanthauza kuti nsambo zitatu za kiyi mmodzi zasiyana pang'ono, ndipo kuchuna kumathetsa nkhaniyo. Koma pali kugwedezeka kwina kumene kuchuna sikukuchotsa. Pofuna kusiyanitsa, mmisiri amatseka nsambo ziwiri ndi kampira kosongoka, n'kumvetsera imodzi yotsalayo. Nsambo imodzi yabwino imalira mowongoka mpaka kuzima. Ikamagwedezeka ili yokha, vuto lili pomwe yathera. Pa bridge nsambo iliyonse imapanidwa ndi timisomali tiwiri topendekeka, ndipo thabwa likatupa n'kuphwa kwa zaka zambiri, bowo la kamsomali limakula, iko n'kumasukusika mosaoneka ndi maso. Kuyesa kwake n'kophweka: nsonga ya sikuludiraiva imatsamizidwa mopepuka pa kamsomaliko nsambo ikulira. Kugwedezeka kukaleka, wolakwa wapezeka. Pamenepo mwambi wina umagwira mmisiri dzanja: khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kamsomali kali pa bridge, bridge ili pa thabwa lopyapyala, ndipo womenya ndi hamala kuti kalowe akhoza kung'amba mtengowo n'kuwononga makiyi khumi pofuna kuchiza mmodzi. Amisiri amadonthezapo guluu wamadzimadzi wolowerera m'bowo, kapena kuika kamsomali kokulirapo atamasula nsambo. Nsambo imene yakwera pang'ono pa timisomali amaikhazika pansi ndi kandodo ka mkuwa, mogogoda ngati wosafuna, pakuti mkuwa ndi wofewa kuposa nsambo ndipo suisiyira chipsera.

Nsambo za besi zili ndi matenda akeake. Waya wa kopa wokulungidwa pamwamba ukamasuka, makamaka kumapeto, umagwedera pa waya wa m'kati ndipo liwu limatuluka losasa. Nthawi zina zimathandiza kuimasula nsamboyo, kuikolola pa chikhomo cha kumunsi, kuipota kamodzi motsata kumene kopayo anakulungidwira, n'kuikolekanso. Kuipota mobwerera kumamasula kopa yense. Zikakanika, yatsopano iyenera kupangidwa motengera muyeso wa yakaleyo, choncho nsambo ya besi yoduka siitayidwa, imasungidwa kuti ikhale chitsanzo. Fumbi ndi dzimbiri zolowa pakati pa mikombero ya kopa zimagonthetsa mawu. Apa pali chiyeso chimene chapha mapiyano ambiri m'mayiko otentha, ndicho kuthira mafuta. Oilo wa makina osokera kapena mafuta opopera ochotsa dzimbiri akalowa mu kopa, nsambo imafa mawu. Akayenderera mpaka pa zikhomo zochunira, zimene zimagwira chifukwa chothina m'thabwa lolimba, zikhomozo zimayamba kuterereka ndipo piyanoyo sidzasunganso chuni. Dzimbiri la pamwamba pa nsambo zosakulungidwa limapukutidwa louma.

Nsambo ilinso ndi zigawo zimene kanyundo sikamenya: kachidutswa ka kuseri kwa bridge ndi ka kufupi ndi zikhomo. M'mapiyano ambiri opanga analukamo kansalu kuti zigawozi zikhale chete, ndipo kansaluko kakadyedwa ndi njenjete kapena makoswe, timawu toonda timayamba kulira m'mbali mwa nyimbo. Kuika chala pa kachidutswako kiyi akulira kumaonetsa ngati ndi komweko. Koma m'mapiyano ena aakulu zigawozi anazisiya dala kuti ziziyankha, potsata njira imene Theodore Steinway analembetsa mu 1872. Kuzitseka zonse chifukwa cha kamluzu ka kiyi mmodzi kumachotsa kuwala kumene wopangayo anakufuna. Apa piyano yayandikira nzeru ya bangwe, ndipo mmisiri wabwino amatseka pokhapo pamene pakulasa khutu.

Chotsiriza kuyang'ana ndi thabwa lokuza mawu. Pa piyano yoimirira limaonekera kumbuyo, ikakankhidwa kuchoka kukhoma. Mng'alu pa thabwali umaopsa maso, koma pawokha kawirikawiri sulira, ndipo mapiyano ambiri akale amaimba bwino ali ndi ming'alu. Cholira ndi pamene thabwa lamatuka ku timitengo topingasa tomwe timaligwira kumbuyo ngati nthiti. Mmodzi akumenya kiyi, mnzake amadina ndi chala motsata nthiti iliyonse pafupi ndi mng'alu, ndipo pomwe phokoso lazima ndi pomwe pafunika guluu ndi chopanira. Mng'alu wa pa chimango chachitsulo ndi nkhani ina. Pali matani aja 18 akukoka, ndipo munthu wosadziwa sayenera kumasula kapena kumanga bawuti iliyonse ya pamenepo. Chalaka bakha nkhuku singatole.

Pali mawu ena amene amatsala zonse zitamangidwa, ndipo ndi bwino kuwadziwa kuti munthu asavutike kusaka chimene sichinatayike. Waya wachitsulo ndi wouma, sapindika ngati ulusi, choncho timawu tapamwamba timene timatsagana ndi liwu lililonse timakwera pang'ono kupitirira pamene masamu akanatiika. Pa piyano yaifupi, ya nsambo za besi zazifupi ndi zonenepa, zimenezi zimamveka kwambiri, ndipo besi yake siingayere ngati ya piyano yaitali ya m'holo ngakhale atachuna katswiri wotani. Kugunda kwa kanyundo ndi kwa kiyi pofika pansi nakonso ndi mbali ya liwu la piyano. Opanga makiyibodi amagetsi amachita kujambula timaphokoso timeneti n'kutiikamo, chifukwa popanda ito khutu limakana kuti imeneyo ndi piyano.

Gwero la mavuto ambiri amene atchulidwawa ndi chinyezi, ndipo nyengo ya ku Chiradzulu imayesa mtengo mbali zonse ziwiri. Opanga mapiyano amalangiza chinyezi cha pakati pa 40 ndi 50 peresenti chaka chonse. Kuno mvula ya Novembala mpaka Epulo imatupitsa thabwa, nsambo za pakati n'kukwera mawu, makiyi ena n'kumakakamira. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chochokera cha ku Mozambique chimabweretsa nkhungu ndi mvula yowaza, chinyontho n'kukhala pa chitsulo chozizira, dzimbiri n'kuyamba. Kutentha kwa Seputembala ndi Okutobala kumaumitsa zonse: thabwa limaphwa, mawu amatsika, masikuluwu amamasuka, ming'alu imatseguka. N'chifukwa chake phokoso lina limabwera mu Okutobala n'kusowa lokha mu Januwale, ndipo mwini piyano amene amalemba mwezi umene phokoso layamba ndi kiyi amene likuchokera amapatsa mmisiri theka la yankho. Makampani ena a ku Britain ankapanga mapiyano olimbitsidwa mwapadera otumiza kumayiko otentha, owonjezera masikuluwu ndi timisomali pamene ena ankadalira guluu yekha, koma nawonso amafuna malo abwino.

Malo abwinowo ndi khoma la m'kati mwa nyumba, kutali ndi zenera, ndi khomo lolowera mphepo, ndi pomwe denga limadontha. Pokolopa, madzi asafike pansi pake. Beseni la madzi loikidwa m'kati mwa piyano nthawi yotentha, monga ena amachitira, limadzetsa dzimbiri ndi nkhungu kuposa phindu lake. Kumbuyo kuziunikidwa kawirikawiri chifukwa chiswe chimakwera mwakachetechete kuchokera pansi, ndipo mkodzo wa makoswe umadya nsambo msanga kuposa chiperoni. Piyano yoimbidwa sabata ndi sabata imavutika pang'ono ndi tizilombo poyerekeza ndi yotsekeredwa m'chipinda chamdima kudikira alendo.

Kuchuna kumabwera pambuyo pa kukonza, osati patsogolo, pakuti kukhudza bridge kapena kupota nsambo kumasokoneza chuni. Nthawi yabwino ndi patapita masabata angapo nyengo itasintha, thabwa litakhazikika. Muyeso umene mayiko anagwirizana pa msonkhano wa ku London mu 1939 ndi woti kiyi wa A wa pakati azinjenjemera ka 440 pa sekondi, ndipo makiyibodi amagetsi amatuluka m'fakitale ali pamenepo. Piyano yakale ya nsambo zadzimbiri imene yakhala zaka yosachunidwa imakhala itatsika, ndipo kuikokera pa 440 tsiku limodzi kumadula nsambo, nthawi zina kung'amba bridge. Mmisiri amaikweza pang'onopang'ono pa maulendo awiri kapena atatu, kapena amaisiya yotsika koma yogwirizana yokhayokha. Ikafunika kuimbira limodzi ndi kiyibodi, kiyibodiyo ndiyo imatsitsidwa, popeza ambiri ali ndi batani lochitira zimenezo.